Batchi imodzi, zotsatira zosiyana pa dissolution: tiyambire mu labu kapena pa makina odindira?

Woyeza_QC walemba:

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha nzeru pa vuto limene latiimitsa mitu. Tikupanga mapiritsi osakutira, lililonse lolemera 200 mg, mankhwala enieni 10 mg, ndiye kuti 5 peresenti ya piritsi. Mankhwalawa ndi aja ovuta kusungunuka m'madzi. Ufa timaunyowetsa mu high shear granulator, timibuluto timatiumitsa mu fluid bed n'kutisefa, kenako timathira crospovidone wina (wothandiza piritsi kusweka) kunja kwa timibulu. Pomaliza timathira magnesium stearate (amene amagwira ntchito ngati mafuta kuti ufa usamatirire m'makina odindira) 1 peresenti n'kusakaniza mphindi 3.

Dissolution, kutanthauza kasungunukidwe ka mankhwala m'madzi, timayeza ndi paddle (chotakasira chozungulira m'chiwiya chotchedwa vessel) pa 50 rpm, phosphate buffer 900 mL, pH 6.8. Q, mlingo wa mankhwala amene ayenera kukhala atasungunuka, ndi 80 peresenti pa mphindi 30. Batchi yomweyo, tikayeza lero mapiritsi onse 6 akupereka pakati pa 88 ndi 95. Tikatenga ena 6 mawa lake, awiri akugwera pa 72 kapena 75, basi talowa S2, gawo lachiwiri la mayesowo. Assay, muyeso wa kuchuluka kwa mankhwala m'mapiritsi, ili bwino, 98 mpaka 100. Friability, kunyenyeka kwa mapiritsi, 0.3 peresenti. Kulimba kukuyenda pakati pa 55 ndi 90 N, malire athu ndi 50 mpaka 100. Pa disintegration mapiritsi ena akusweka m'mphindi 3, ena m'mphindi 9, malire ndi 15. Content uniformity, kufanana kwa mankhwala piritsi ndi piritsi: batchi ina AV (acceptance value, nambala imene imakwera mapiritsi akamasiyana) inali 6, ina 13.

A ku production akuti makina a mu labu ndi amene akunama. A mu labu akuti mapiritsi ndi amene sakufanana. Palibe batchi imene yafika pa S3, gawo lomaliza, koma mitima siili m'malo. Tiyambire pati? Nanga n'zololeka kuti woyeza wina abwereze mayesowo tione?

Paddle50 walemba:

Mwachita bwino kubweretsa manambala. Mkangano wa labu ndi production sutha ndi pakamwa, umatha ndi kuyesa. Koma musanayese chilichonse, tsegulani mabuku a mayeso akale muone kuti mapiritsi otsika aja anali mu vessel iti. Ngati nthawi zonse ndi vessel 2 ndi 5, a ku production alibe mlandu. Kenako tengani mapiritsi a m'diramu limodzi, muwasakanize m'botolo limodzi, ndipo oyeza awiri aliyense ayeze pa makina awiri a dissolution. Awo ndi maulendo anayi, mapiritsi 24. Kutsika kukamatsata makina, vuto ndi makinawo. Kukamatsata munthu kapena tsiku, onani kakonzedwe ka madzi ndi katengedwe ka sampulo. Kukapanda kutsata chilichonse mwa izi, nkhani ili m'mapiritsi.

Mu labu, choyamba kuchikayikira ndi mpweya wa m'madzi. Buffer akakonzedwa ali wozizira n'kukatenthera mu vessel mpaka madigiri 37, mpweya umene unali m'madziwo umatuluka ngati timathovu. Timathovuto timamatira pa piritsi ndi pa timibulu tomwe tamwazika, madzi osafika bwino pamalopo. Nthawi zina timanyamula timibuluto n'kukatimata kukhoma la vessel. Zotsatira zimatha kutsika kapena kukwera, ndipo sizichitika mofanana m'mavessel onse, n'chifukwa chake zimaoneka ngati piritsi limodzi lokha ndiye loipa. Njira ya USP, buku la miyezo ya mankhwala la ku United States, ndi iyi: tenthetsani madziwo mpaka pafupifupi madigiri 41 mukutakasa pang'onopang'ono, muwasefe pa vacuum ndi fyuluta ya 0.45 µm kapena yocheperapo, mupitirize kutakasa ali pa vacuum kwa mphindi 5 zina. Pothira mu vessel, tsanulirani cha m'khoma mwaulemu, osati kukhuthula ngati mukudzaza ndowa, apo ayi mpweya wabwereramo. Kungoviika botolo mu sonicator (bafa lonjenjemeretsa madzi) kwa kanthawi kochepa nthawi zambiri sikukwanira. Madziwo akakhalitsanso mu vessel paddle ikuzungulira, amayamba kumwanso mpweya.

Mukachoka apo, yezani makinawo ndi zida, osati ndi maso. Mpata pakati pa kunsi kwa paddle ndi pansi pa vessel ukhale 25 mm, kusiyana kusapitirire 2 mm. Mtengo wa paddle ukhale pakati penipeni pa vessel, usapatuke kupitirira 2 mm, ndipo usamagwedezeke pozungulira. Malire amene ambiri amatsata pa kugwedezekako ndi 1.0 mm. Liwiro lisasiyane ndi 50 rpm kupitirira 4 peresenti. Kutentha muyeze m'kati mwa vessel iliyonse, 37 kusiyana 0.5, osangokhulupirira nambala ya bafa. Ikaninso dzanja pa tebulo. Centrifuge, sonicator kapena pampu ya vacuum ikakhala pa tebulo lomwelo, kunjenjemera kwake kumakweza zotsatira pa masiku amene ikuyenda, masiku ena ayi.

Chinthu chimene anthu amachinyalanyaza ndi kuyang'ana mu vessel pa mphindi 10 zoyambirira. Pa 50 rpm, madzi a pansi penipeni pa paddle sayenda kwenikweni. Piritsi likakhala ndi zinthu zolemera zosasungunuka, monga dicalcium phosphate, timibulu timaunjikana pamenepo ngati kachulu, ndipo mankhwala a m'kati mwa kachuluko sakumana ndi madzi. Piritsi logwera pambali pang'ono limasungunuka msanga kuposa logwera pakati. Lembani zimene mukuona pa vessel iliyonse, jambulani chithunzi ngati malamulo a labu yanu akulola.

Sampulo itengedwe pakati pa mpata wa pamwamba pa madzi ndi pamwamba pa paddle, osachepera 1 cm kuchokera kukhoma, ndipo isefedwe nthawi yomweyo. Mukachedwa kusefa, tizidutswa timapitiriza kusungunuka mu sirinji. Fyuluta nayo imatha kumwa mankhwala pa madontho oyamba. Ngati woyeza mmodzi amataya mamililita oyamba monga mwa njira yanu, wina sataya, mwapeza kale gwero limodzi la kusiyana. Funsaninso ngati mtundu wa fyuluta unasinthidwa posachedwa.

Mdindi walemba:

A Paddle50 anena zoona ndipo zonsezo muchite. Koma ine maso anga ali pa nambala ina: disintegration ya mphindi 3 mpaka 9 m'batchi imodzi. Mayeso amenewa amachitika pa makina ena, timathovu ta mu vessel sitiwakhudza. Mapiritsi akamasweka nthawi zosiyana chonchi, ndiye kuti sakufanana ndithu. Kukhala m'kati mwa malire a mphindi 15 kusakutonthozeni, malirewo ndi otakata kwambiri pa mankhwala amene akufunika kusungunuka 80 peresenti pa mphindi 30.

Cholakwika chachikulu n'chakuti sampulo yopita ku labu imakhala yosakaniza: mapiritsi a koyamba, a pakati ndi a kumapeto m'thumba limodzi. Woyeza akatola 6, zimangodalira mwayi kuti watola ati. Pa batchi yotsatira tengani masampulo mwa nthawi: poyambira, kenako mphindi 20 kapena 30 zilizonse, makina akangoyambiranso ataima, ufa watsopano ukangothiridwa mu hopa, ndiponso kumapeto ufa ukutha. Thumba lililonse likhale ndi nthawi yake, liwiro la turret (tebulo lozungulira lonyamula mapanchi odindira), liwiro la feed frame (chida chothira ufa mu dai, chibowo chodindiramo piritsi) ndi mphamvu yodindira. Pa thumba lililonse yezani kulemera, kukhuthala, kulimba ndi disintegration, kenako muziike pafupi n'kuona zikuyenda bwanji limodzi.

Kawerengedwe kake ndi aka. Piritsi lolimba kwambiri ndiponso lochedwa kusweka, ndiye kuti ladindidwa mopitirira muyeso. Nthawi zambiri limakhalanso lolemera kuposa anzake, chifukwa makina amadinda pa kukhuthala kokhazikika, ufa ukachuluka mu dai mphamvu imakwera. Piritsi lofewa koma lochedwa kusweka, ameneyo ndi magnesium stearate. Iye sagwirizana ndi madzi. Akasakanizidwa mopitirira, amayala kachikopa kopyapyala pa timibulu, timibuluto osagwirana bwino podinda, madzinso osalowa. Piritsi losweka msanga koma dissolution yotsika, musafufuze pa makina odindira, bwererani ku granulation kapena ku ufa wa mankhwala enieni. Timibulu tolimba kwambiri chifukwa cha madzi ochuluka kapena kukanda nthawi yaitali timachoka m'piritsi bwinobwino koma tokha sitiphwanyika. Pa mankhwala ovuta kusungunuka, yerekezaninso D90 (muyeso wa kukula kwa tinthu ta ufa) ya malot a mankhwala amene analowa m'mabatchi abwino ndi ovutawo.

Pa magnesium stearate, 1 peresenti si yoletsedwa, koma siyochepa. Mphindi 3 za mu bulenda si kusakaniza kokha kumene ufawo umakumana nako. Feed frame ili ndi timapiko tomwe timazunguza ufa mwamphamvu kuposa bulenda. Timapikoto tikamathamanga pamene turret ikuyenda pang'onopang'ono, ufa umakhalitsa m'menemo ukupekesedwa. Pa makina ambiri feed frame imaima turret ikaima, koma pokonza kulemera kapena poyambiranso, oyendetsa amaiyendetsa payokha kuti idzaze. Ufa wobwerera ku feed frame utasefukira pa dai nawonso umazungulira kangapo. Onaninso ngati wogulitsa magnesium stearate anasintha, chifukwa kukula kwa tinthu take kumasiyana, ndipo wosalala kwambiri amakuta timibulu msanga ngakhale mulingo uli womwewo.

Mapanchi muwayeze onse. Kutalika kogwira ntchito, kuyambira pamutu mpaka pakatikati pa kachikho ka kunsonga kwa panchi, kusasiyane kupitirira 0.05 mm mu seti imodzi. Panchi yapansi imodzi ikakhala yaifupi, dai yake imalandira ufa wambiri pa kuzungulira kulikonse. Kusiyana kotere kumabwerera mwadongosolo, piritsi limodzi pa kuzungulira kumodzi, ndipo makina osonyeza mphamvu ya siteshoni iliyonse amakuonetsa poyera. Ponena za kulimba, yezani piritsi litagona mbali imodzimodzi, makamaka ngati lili ndi mzere wodulira, komanso patapita nthawi yofanana chidindireni, chifukwa mapiritsi ena amalimba kapena kufewa pa maola oyambirira.

AV yochoka pa 6 kufika pa 13 ndi nkhani ina payokha. Yezani kulemera kwa piritsi lililonse musanaliyeze mankhwala, kenako gawani mankhwala opezeka ndi kulemera kwa piritsilo, muchulukitse ndi 200 mg. Kusiyana kukatha mukatero, vuto ndi kadzazidwe ka dai. Kukakhalapobe, ufa ukupatukana. Potsimikiza, sefani timibulu m'magulu atatu kapena anayi a kukula, muyeze mankhwala pa gulu lililonse. Mukapeza kuti ufa wosalala uli ndi mankhwala ambiri kuposa timibulu tikulutikulu, dziwani kuti kugwa kulikonse kwa ufa, kuchoka mu bulenda kupita m'diramu, kuchoka m'diramu kupita mu hopa, kukusintha mphamvu ya mapiritsi. Chinyezi cha timibulu nacho chiyezedwe pa malo angapo, osati sampulo imodzi ya pamwamba.

WaQA walemba:

A Woyeza_QC, funso lanu lomaliza, la kubwereza mayeso, lisadutse osayankhidwa. Kulowa S2 si OOS, kutanthauza zotsatira zotuluka kunja kwa malire. S1, S2 ndi S3 ndi mbali za mayeso amodzi. Pa S1 piritsi lililonse mwa 6 lifike Q kuphatikiza 5, kwa inu 85. Pa S2 avereji ya 12 ifike 80, popanda lotsika kuposa 65. Pa S3 avereji ya 24 ifike 80, otsika kuposa 65 asapitirire awiri, ndipo pasapezeke lotsika kuposa 55. Tsono mabatchi anuwa akhoza. Komabe mankhwala amene amadutsa pa S1 nthawi zonse akayamba kulowa S2, kumeneko ndi kupatuka pa chizolowezi, ndipo kumafunika kutsegulira kafukufuku wolembedwa.

Chimene sichiloledwa ndi kubwereza mpaka nambala yokoma ituluke, n'kutaya yoipayo. Nkhaniyi inagamulidwa pa mlandu wa boma la United States ndi kampani ya mankhwala ya Barr Laboratories mu 1993, ndipo malangizo a FDA (bungwe loyang'anira mankhwala la dzikolo) a OOS a 2006, omwe anakonzedwanso mu 2022, akunena zomwezo. Zotsatira zoyamba zimachotsedwa pokhapokha mutapeza cholakwika cha mu labu chokhala ndi umboni. Pa dissolution ndi content uniformity simungagwiritse ntchito outlier test (njira ya masamu yozindikirira nambala yopatuka pa zinzake) kuchotsa piritsi lotsika, chifukwa cholinga cha mayesowo ndi kuona kusiyana kwa piritsi ndi piritsi. Assay yabwino isakunyengeninso. Imachokera pa mapiritsi ambiri operedwa pamodzi, kawirikawiri 20, ndiye imabisa kusiyanako.

Mayeso amene a Paddle50 ndi a Mdindi anena ndi ololeka, bola alembedwe kaye: mukufuna kutsimikiza chiyani, mapiritsi angati, ndani ayeza, ndipo zotsatira zake ndi za kafukufuku, osati zotulutsira batchi. Madzi a sampulo ndi a standard a tsiku lovuta musawataye kafukufuku asanayambe.

Pa AV, kumbukirani kuti pa mapiritsi 10 standard deviation imachulukitsidwa ndi 2.4, ndipo malire ndi 15.0. Mwachitsanzo, avereji ikakhala 97.0 ndipo standard deviation 5.5, AV ndi 1.5 kuphatikiza 13.2, yomwe ndi 14.7. Standard deviation ikangokwera kufika 6.0, AV ndi 15.9, mwalowa gawo lachiwiri la mapiritsi 30. AV ya 13 ili pakhomo penipeni. Ikani batchi imodzi mwa zovutazi pa stability (mayeso osunga mankhwala kwa nthawi n'kumawayeza), kuphatikizapo madigiri 40 ndi chinyezi cha 75 peresenti, chifukwa piritsi lokhoza movutikira lero likhoza kulephera pakatha miyezi.

Woyeza_QC walemba:

Zikomo kwambiri nonse. Tinalemba protocol ndipo izi ndi zimene zapezeka. Kutsika sikukutsata vessel, ndipo miyeso ya paddle yonse ili m'malire. Koma shifiti imodzi inkachotsa mpweya ndi sonicator yokha, ndipo timathovu tinaonekadi pa mapiritsi. Titatsata njira ya vacuum, mapiritsi a diramu lachiwiri anapereka 90 mpaka 94 kwa oyeza onse awiri, pa makina onse awiri.

Otsika sanathe. Pa batchi yatsopano yomwe tinatenga masampulo mwa nthawi, akupezeka pa malo awiri. Oyamba ndi otengedwa makina atangoyambiranso ataima: kulemera ndi kukhuthala kuli bwino, kulimba 55 mpaka 62 N pamene ena ali cha pa 80, disintegration mphindi 8 mpaka 9, dissolution 73 mpaka 78. Ena ndi a kumapeto kwa batchi: dissolution ili bwino, koma mankhwala akufika 106 ndi 108 peresenti ngakhale titakonza ndi kulemera. Mapanchi ali bwino. Kodi tingotsitsa magnesium stearate kufika 0.5 peresenti?

Mdindi walemba:

Ofewa ndi ochedwa kusweka, kulemera kuli bwino: chizindikiro chikuloza feed frame. Komabe musathamangire kusintha fomula. Yambani mwatsimikiza. Pa batchi yoyesera, imitsani turret, yendetsani feed frame yokha kwa mphindi 1, dindani mapiritsi, muwasunge padera. Bwerezani ndi mphindi 3, kenako 5. Kulimba kukamatsika ndipo disintegration ikamakwera motsatana ndi nthawiyo, umboni mwaupeza. Pali kuyesa kwina kwachangu: donthezani dontho limodzi la madzi pa piritsi labwino ndi pa lokayikitsalo. Pa lochuluka mafuta dontholo limakhala chiimire nthawi yaitali lisanalowe. Kumeneku n'kongokuthandizani kuona, si kolemba pa satifiketi.

Zikatsimikizika, konzani kayendetsedwe. Tsitsani liwiro la feed frame pang'onopang'ono mpaka pamene kulemera kwa mapiritsi kwayamba kusiyana, mubwerere pamwamba pang'ono, ndipo liwirolo lilembedwe mu batch record pamodzi ndi liwiro la turret. Lisasiyidwe m'manja mwa woyendetsa aliyense. Chepetsaninso kusefukira kwa ufa pa dai posankha fill cam (njanji yotsitsa panchi yapansi kuti dai idzaze) yoyenera kulemera kwa 200 mg, chifukwa cam yakuya kwambiri imabweza ufa wambiri. Yezani kuti feed frame yanu imanyamula magalamu angati a ufa, mugawe ndi 0.2 g, ndipo mudziwa chiwerengero cha mapiritsi oyenera kutayidwa makina akayambiranso. Popeza ufa wakale umasakanikirana ndi watsopano, chiwerengero chenicheni chimakhala chokulirapo, ndiye chitsimikizeni poyeza kulimba mpaka kubwerere pa 80. Fufuzaninso chimene chikuimitsa makina pafupipafupi.

Kuchoka pa 1 peresenti kufika 0.5 ndi kusintha fomula yolembetsedwa. Mu malangizo a FDA a SUPAC-IR a 1995, okhudza kusintha mankhwala olembetsedwa kale, kusintha magnesium stearate ndi 0.25 peresenti ya kulemera kwa piritsi kuli pa Level 1, kusintha ndi 0.5 kuli pa Level 2, komwe kumafuna umboni wochuluka wa dissolution ndi stability. Mabungwe ena oyang'anira mankhwala ali ndi malamulo awo, muone a kumene mankhwalawa analembetsedwa. Mukatsitsa, yang'anirani mphamvu yokankhira piritsi kunja kwa dai, kumatirira pa nkhope za mapanchi, ndi mikwingwirima m'mbali mwa piritsi, makamaka makina akatentha patapita maola angapo.

A kumapeto aja ndi vuto lachiwiri, losakhudzana ndi mafuta. Ufa wosalala wokhala ndi mankhwala ambiri ukutsalira m'mbali mwa hopa, pakati pakuyenda timibulu, ndipo ukutsika pomaliza. Musalole hopa kutsika kwambiri musanathire wina, ndipo chepetsani kutalika kumene ufa umagwa pothira.

Paddle50 walemba:

Njira yochotsera mpweya ilembedwe mu SOP ndi manambala ake, kutentha, fyuluta ndi mphindi, pamodzi ndi nthawi imene madzi angadikire asanagwiritsidwe ntchito. Ngati muli ndi mita ya oxygen wa m'madzi, yezani madziwo ali mu vessel musanagwetse piritsi, shifiti iliyonse, kwa milungu ingapo. Pa mayeso a feed frame amene a Mdindi anena, musatenge sampulo pa mphindi 30 pokha. Tengani pa 10, 15, 20, 30 ndi 45. Piritsi lochuluka magnesium stearate limachedwa koyambirira koma limadzafika pamwamba, pamene la mankhwala ochepa limaima pansi mpaka kumapeto, ndipo pa mphindi 30 pokha awiriwa amatha kuoneka ofanana.

WaQA walemba:

Pa a kumapeto kwa batchi, tengani masampulo pafupipafupi pa mphindi 15 zomaliza, mapiritsi osachepera atatu pa nthawi iliyonse, muone pamene mankhwala ayambira kukwera. Pamenepo ndi pamene muike malire a ufa wotsala wosadindidwa, ndipo ufawo uwerengedwe pa yield. Liwiro la feed frame, chiwerengero cha otayidwa ndi malire a hopa zonse zidutse mu change control. Mabatchi amene ali kale pa msika nawonso alowe mu kafukufukuyu: onani m'mabuku a makina kuti iliyonse inaima kangati podinda, ndipo amene anaima kwambiri muyeze mapiritsi ake osungidwa.